Bambo Anga Ankaweta Nkhono

Anthu akandifunsa kuti bambo anga ankagwira ntchito yanji, ndimayankha mosabisa kuti ankaweta nkhono. Ena amaseka, ena amaganiza kuti ndikuwanyoza. Aziseka, koma ndi zoona. Ankagwira mu labotale yofufuza za likodzo, m'kachipinda kapansi kopanda zenera, kofunda ngati khitchini, momwe munali mathanki agalasi mbwee. Anzawo a kuntchito ankangowaitana kuti a Nkhono, iwo n'kumavomera mokondwa ngati ndi udindo.

Kachilombo ka likodzo kamakulira mu nkhono kasanalowe mwa munthu. Nkhono za bambo zikatulutsa tizilomboto, akatswiri a m'chipinda chapamwamba ankatilowetsa m'makoswe oyera, ndipo tikakula n'kukhala nyongolotsi, ankazipera n'kumasanthula zam'kati mwake. Ankasaka puloteni imene nyongolotsi imagayira magazi a munthu, poti ukaitseka imeneyo, nyongolotsi imafa ndi njala.

Koma nkhono, abale inu, n'zonyada! Madzi a pampopi ankayenera kugona kaye asanawathire m'thanki. Chakudya chake masamba a letesi ochita kufutsa. Bambo sankakhudza sopo wonunkhira kapena mafuta odzola poopa kupha ziweto zawo, moti manja awo anali otuwa ngati a womanga nyumba. Mayi ankawaseka kuti, "Bambo ake, inetu ndine mkazi wachiwiri. Wamkulu ali m'thanki." Pa ukwati wanga anachoka chakudya chisanagawidwe, akuti akasinthe madzi. Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo kunena zoona kamkwiyoko sikanathe.

Chimene chinkawathamangitsa choncho ndi mayi omwewo. Likodzo linawagwira ali mwana, ndipo pamene ankamwa mapiritsi atakula, chiwindi chinali chitawonongeka kale. Mimba inkatupa, nthawi zina ankasanza magazi. Bambo anaika mtima wawo wonse pa labotale ija. Akaweruka ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Mayi ake, limbani mtima. A pulofesa akuti zikuyenda. Mankhwala akangotuluka, woyamba kumwa ndinu."

Pa zaka zonsezo, palibe ndi mmodzi yemwe kuntchitoko amene anakhala ndi bambo pansi kuwafotokozera chimene kafukufukuyo angathe ndi chimene sangathe. Ankangowadutsa pakhonde, "A Nkhono, ziweto zadzuka bwanji?" Basi, kwatha.

Tsiku lina bambo anandiimbira foni. Puloteni ija yapezeka, kuntchito kuli phwando, ndibwere ndi jekete lawo. Nditafika ndinapeza keke patebulo, zakumwa, achinyamata a makhoti oyera akujambulana. Bambo anavala jekete, n'kuima pakona kudikira kuti anthu achepe. Kenako anapita kwa a pulofesa, mayi wa imvi amene ankatsogolera kafukufukuyo, n'kutulutsa m'thumba kabotolo kamene anakatsuka okha. Anakapereka ndi manja awiri.

"Mayi, ndimati mundigawireko pang'ono. Ndi a kunyumba aja."

A pulofesa anayang'ana kabotolo, anayang'ana bambo, nkhope n'kugwa. Anawakokera mpando.

"A Nkhono, khalani pansi," anatero. "Ife tapeza pomenya, koma chomenyera sitinachipeze. Kuti pakhale mankhwala papita zaka zambiri, mwinanso sizidzatheka n'komwe. Ndipo ngakhale atapezeka, adzapha nyongolotsi basi. Chiwindi chowonongeka sadzachikonza."

"Koma mumadziwa kuti akazi anga akudwala," anatero bambo motsitsa mawu.

"Ndimadziwa. Ndinkaganiza kuti inunso mukudziwa zimenezi. Pepani kwambiri."

Ankaganiza! Ine magazi anawira, ndinafuna kugubuduza tebulo lija ndi keke yake yomwe. Chondipweteka kwambiri n'chakuti a pulofesawo sanali oipa mtima, misozi inalengeza m'maso mwawo. Akanakhala wamwano bwenzi nditawatukwana n'kupepukidwa. Bambo anangothokoza, n'kubweza kabotolo m'thumba. Tisanachoke anatsika kaye kukaona ngati mpweya ukuwira bwino m'mathanki.

Tinakwera basi mpaka kuyandikira kunyumba. Pamenepo anandigwira mkono.

"Mwana wanga, mayi ako usawauze. Akamva, mtima ugwa, tiwataya."

Titalowa, mayi anadzutsa mutu papilo. Bambo anamwetulira, kumwetulira kochita kukoka, n'kunena kuti akuyesabe, kwatsala pang'ono.

Patapita milungu ingapo ndinkawasambitsa mayi, bambo ali kuntchito. Ndikuwapukuta kumsana anati, "Iwe, nkhope imeneyo wandisungira chiyani? Ukuganiza kuti sindidziwa? Adokotala anandiuza kalekale, iwe usanakwatiwe n'komwe, kuti chiwindi ichi sichibwerera."

Thaulo linandigwa m'manja. "Nanga bwanji simunawauze bambo?"

"Ndiwauze kuti atani? Munthu uja ukamulanda zimenezi, m'mawa adzadzukira chiyani? Usawauze, wamva?"

Ndiye onani katundu amene anthu awiriwa anandisenzetsa. Madzulo ndinkawathirira tiyi, wina akunama kuti mankhwala ali pafupi, winayo akuyankha kuti, "Zikomo bambo ake, ndidikira." Aliyense ankandiponyera diso kuti nditseke pakamwa. Ndinkatuluka panja kukalira kuseri kwa nyumba, ndikuwakwiyira onse awiri, ndi labotale yawo, ndi nkhono zawo.

Mayi anamwalira nyengo yozizira, mwakachetechete, bambo atawagwira dzanja. Pasanapite nthawi, akatswiri aja anaphunzira kupanga puloteni ija m'mabotolo popanda nyongolotsi, ndiye chipinda chapansi chinatsekedwa ndipo bambo anapumitsidwa. Mankhwala aja mpaka lero sindinamve kuti atuluka.

Pano bambo amakhala kwathu, amacheza ndi zidzukulu, koma nkhani yawo ndi imodzi. "Mayi ako anapita akundidikira," amatero. "Ndinawanamiza mpaka kumanda." Ine mawu owamasula ndili nawo, koma mawu omwewo angawauze kuti mkazi wawo ankawanyengerera ngati mwana zaka zonse zija.

Dzana anandiitana pakhonde, n'kundiyang'ana m'maso.

"Iwe unkakhala nawo kwambiri. Undiuze zoona. Kodi ankandikhulupirira?"

Ndinawayankha kuti, "Eya bambo, mpaka tsiku lomaliza."

Anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene sanalire pa maliro. Ine ndinangoima pomwepo, osadziwa ngati ndawatonthoza kapena ndawabaya.