Anati Ndili ndi Chitaka

Ena mukawerenga izi muti ndikucheza, koma ndikulumbira pali mayi anga ondibereka, zinandichitikira ine ndemwe ku Bangwe zaka zingapo zapitazo, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndikaona anthu ataunjikana ndimayamba ndayang'ana kothawira.

Nthawi imeneyo ntchito inali itatha, ndiye potopa ndi kungokhala ndinagula mulu wa mabuku akale kwa bambo wina amene amayala malonda ake pansi ku Limbe. Munali a mizukwa, a zinjoka zolavula moto, a anthu a mitu ikuluikulu ochokera ku nyenyezi, komanso kena kakang'ono kophunzitsa kasamalidwe ka ndalama. Ine ndinkaopa buku lina la mizukwa, moti ndinkaliwerengera pakhonde anthu akudutsa, osadziwa kuti kondipweteka ndi ka ndalama kaja.

Vuto langa ndi pakamwa, ndikadziwa kanthu sindigona nako. Tsiku lina ndikugula sopo pa okala ya mayi ena apafupi, ndinayamba kuwaphunzitsa kuti ndalama ya munthu wochenjera sikhala phee, imapita kukaitana zinzake mwini wake ali mtulo. Ndinawonjezanso, monyadira ndithu, kuti ineyo njira yake ndaipeza m'buku. Mayiwo anayang'ana ndalama yanga, n'kuyang'ana ine, kenako anandibwezera n'kundilanda sopo uja. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ine mutu wanga unali ku banki, koma iwo anamva chitaka, ndalama yamatsenga ija amati ukagulira chinthu imakokolola zonse za mu okala n'kubwerera nazo kwa mwini wake.

Mawa lake chakumasana ndinangoona chigulu chili pakhomo, ena atatola miyala, wina mpini wa khasu. Aliyense amene malonda anamuvuta mwezi umenewo anabwera, ngakhale wogulitsa makala amene sindinamugulepo chibadwire. Anatulutsa mabuku anga, ndipo mwatsoka pachikuto cha limodzi panali chigaza, pa lina chinjoka chitayasamula. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi nthano chabe, koma mawu ankatuluka ngati a mwanapiye. Kunena zoona imfa ndinaiona, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndikufera ndalama zimene sindinazigwirepo.

Anandipulumutsa ndi atelala achikulire a pakona, omwe ankachokera ku mzikiti. Anadutsa pakati pa anthu mosapupuluma, n'kundiuza kuti nditembenuke, kenako anafunsa gulu lija ngati linaonapo munthu wachitaka atavala thalauza lotere. Anati zigamba zinayi za kumbuyozo anasoka ndi iwo, ndipo chachisanu anachita kukana chifukwa panalibenso poti ulusi ugwire. Anthu anafa nacho chiseko, miyala inagwa pansi, mayi a okala aja n'kuvomereza kuti n'zoonadi, ngakhale sopo ndimagula wochita kucheka pakati. Ndinapulumuka, koma manyazi ake, ndinatha sabata yonse osatuluka m'nyumba.

Lero ndimawerengabe, ndipo mizukwa ya m'mabuku ndinasiya kuiopa chifukwa ukatseka buku imakhala momwemo, sitola miyala. Koma abale anga, mukawerenga za ndalama, nzeruzo muzikambirana ndi mtima wanu, osati pa okala. Ndipo ngati munayamba kale kulalikira, chonde thalauza lanu lakale lija musataye.