Alamu Inalirira Asewere

Ine Chimbalanga sindidziwa kunong'ona, ndiye ndinena mokweza: ndinawalakwira asewere anga, apongozi a mwana wanga.

Mwanayo, wa ku Joni uja, anandiikira alamu panyumba kuti akuba asandithere mbewu ya kachewere. Pochoka anati, "Bambo, m'kabokosimu muli batire lothandiza magetsi akazima. Muzilisintha pakatha zaka zitatu."

"Ndikudziwa!" ndinatero. Koma sindinatolepo kanthu. Chinthu cha magetsi chifunirenjinso batire?

Chaka chino kabokosiko kanayamba kulira kokha: tswii, kenako zii, kenakonso tswii. Anthu atandifunsa, manyazi anandigwira. Ndinalengeza pamsika wa Lobi kuti makina anga amanunkhiza munthu wa mtima wakuba.

Lamulungu lotsatira, pochokera ku Misa, asewere anapatuka kudzationa. Atangokhala pampando, tswii! Mayi a kunyumba anazyolika. Ine kusokonezeka, ndinadzuka n'kukakhoma chipinda cha mbewu, asewere akuona. Tiyi anamusiya osamwa.

Mwana ataimba foni anamva kulirako. "Bambo, batire lija simunasinthe? Latha limenelo!"

"Ndinasintha," ndinanama, chonsecho potsegulira pake sindipadziwa n'komwe. Ndipo mpaka lero sindikumvetsa: chinthu chotha mphamvu chimaliriranji m'malo mokhala chete?

M'mawa mwake ndinasenza thumba la kachewere, ulendo wokapepesa. Asewere anandiona ndikulowa pabwalo, thukuta kamukamu, nakweza dzanja.

"Imani pomwepo, asewere," anatero. "Tiyambe tamva ngati nyumba yanga ikulirireni."