Zitsulo za Asibweni ndi Sikelo ya ku Boma

Anandibweza pa sikelo anthu akuona. Ndinali nditapalasa njinga kuchokera kwathu ku Champhira mpaka ku boma la Mzimba, khadi la chipani m'thumba, kukalembetsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Tinavula malaya n'kufola panja pa ofesi. Nditakwera, kalaliki anayang'ana muvi wa sikelo, anayang'ana nthiti zanga, mbwenu anangoti, "Kadyeni kaye, achimwene." Anzanga anaseka. Ine zoseka panalibe, chifukwa kwawo kwa mtsikana amene ndinkamufuna anali atanena poyera kuti ndisapondeko popanda ng'ombe za malowolo. Kwathu kunali zokoka ngolo ndi yaikazi imodzi yokama. Masiku amenewo mnyamata wosauka ng'ombe ankazipeza ku Joni, basi.

Amene anandimvera chisoni ndi asibweni, mlongo wawo wa amama, omwe anakhalitsa ku migodiko ndipo anaphunzirako kunyamula zitsulo. Anatenga ekiselo yakale ya ngolo, anathira simenti m'zitini za penti n'kuzilowetsa uku ndi uku. Benchi linali thabwa loika pa njerwa, kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Lero chifuwa ndi mikono," anatero asibweni. "Mawa miyendo ndi msana. Mkuja ukapume. Mnofu sumera ukamanyamula, iwe, umamera ukagona."

Zinkamveka bwino pakamwa. Koma pamudzi pathu, mnyamata wamkulu kugona masana! Tsiku loyamba lopuma adada anandipeza nditadziwongola pansi pa mango.

"Wadwala?"

"Ayi, adada. Ndikupuma."

"Kupuma chiyani? Walima pati?"

Anandiponyera khasu kumiyendo. Kuyambira pamenepo tsiku lopuma ndilo linasanduka lowawa kuposa onse. Poona kuti sindili kuzitsulo, adada ankandisungira ntchito zonse zolemera: kugalauza mizere dzuwa lili paliwombo, kudula mitengo ya chigafa, kutunga madzi kudambo othirira nazale ya fodya. M'mawa mwake ndinkabwerera pa thabwa lija thupi lonse likuwawa. Abale, ndinatopa. Ndinkasinza ndikudya, ndinkasinza m'tchalitchi, ngakhale kukamuona mtsikana uja mphamvu inalibepo.

Patapita nthawi tinapita kumsika wogulitsirako chimanga, komwe kunali sikelo yolendewera. Ndinagwira ngowe ndi manja onse n'kukweza miyendo ngati thumba. Asibweni anayang'ana muvi nthawi yaitali, kenaka anatsonya. Ndinali nditatsika. Thukuta lonse lija, ndinali wopepuka kuposa tsiku limene anandibweza ku boma.

Asibweni anapita kukakhala pakhonde ndi adada. "Alamu, mwanayu tikumupha awiri. Ndapota, mumusiyeko tsiku limodzi."

"Zitsulo zanuzo sizidyedwa," anayankha adada. "Fodya sadikira munthu."

Adada sanagonje, ndipo sindiwadzudzula, munda unali waukulu. Amene anasintha ndi asibweni. Anati khasu ndi makheni a madzi ndiye akhale tsiku la msana ndi miyendo. Anagumula simenti ina m'zitini kuti zipepuke, ndipo zitsulo ndinkazigwira mwa apo ndi apo, za chifuwa chokha. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndinkakagona kunyumba kwawo, chitseko chotseka, kumene adada sakanabwera ndi khasu.

"Chatsala n'chakudya," anatero asibweni kwa amama. "Chambiko, mtedza, mazira. Popanda zimenezi tikungovutika."

Amama anangopitiriza ntchito yawo. Koma m'mawa uliwonse ndinayamba kupeza chikho cha chambiko, mkaka wowawasa uja, chitavindikiridwa ndi mbale pakhomo pa gowelo. Ng'ombe yokama inali imodzi, nyumba yonse inkadalira yomweyo. Nkhuku zawo zinasiya kuswa anapiye chifukwa mazira ankathera mwa ine. Mtedza umene ankasungira mbewu unayamba kuchepa m'nkhokwe. Ndinkadya ngakhale mtima usakufuna, ngati mankhwala.

Pang'onopang'ono malaya anayamba kuthina m'mapewa. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Ndinali ndi thupi, inde, koma lotopa chomene.

Fodya atakololedwa ndinabwerera ku boma. Kalaliki anayang'ana muvi, anandigogoda pachifuwa, n'kundilozera kumzere wa opita. Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi ndili ndi mtsikana uja m'mutu, ndikuona kale ng'ombe zikulowa m'khola la kwawo.

Amama ndinawapeza akupeta mphale paseli pa nyumba. Ndinagwada n'kuwauza kuti anditenga. Anaika lichero pansi. Anandigwira mkono, anaufinya cha kumtunda kumene kunali kutalimba, ndipo ndi pamenepo ndinaona mmene dzanja lawo linaondera.

"Yewo," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti ndakunenepetsa ndekha kuti akakutsitse m'dzenje."

Anatola lichero n'kupitiriza kupeta, misozi ikugwera mumphale.