Dzina la Edita pa Seva

Paison Njobvu ndinagwira naye ntchito ku Chipata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa bungwe lina logawa mbewu kwa alimi. Anali mwana wa mphunzitsi wa ku Chiparamba, munthu womanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, wosadziwa kutsutsa bwana. Khalidwe limenelo linkandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero likundipsetsabe.

Ndiye ankasamala seva ya imelo, chikompyuta chafumbi chomwe chinkakhala pansi pa tebulo lake. M'menemo munali maina a antchito onse a bungwe. Makinawo ankayenera kugwirizanitsa okha mainawo ndi seva ya ku Lusaka, koma nthawi yake ikakwana magetsi amakhala atathima kapena foni itafa. Choncho Lachisanu lililonse Paison ankachita yekha: kuimba pa modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ndi foni, kutumiza zosintha zakwathu, kudikira kanjerenjere kake, kenako kulandira za maofesi ena.

Zaka zimenezo tinkaika maliro mpaka mapewa kuwawa. Mnzathu akamwalira, Paison sankadikira Lachisanu. Ankafufuta dzina n'kutumiza tsiku lomwelo, chifukwa zinkamuwawa kuona makalata akufikirabe munthu amene wagona. Anzathu a ku Petauke ndi ku Lundazi anazolowera. M'mawa ankayamba ayang'ana maina, ndipo lina likasowa ankasonkha chipepeso osafunsanso.

Mlongo wake wamkulu, Edita, anali wotaipa pa ofesi yathu yomweyo. Atadwala nthawi yaitali, bungwe linamupumitsa ntchito, ndipo anakagona kwa mayi awo ku Chiparamba. Lachisanu lina bwana anaima pa tebulo la Paison.

"A Njobvu, ku Lusaka akudandaula. Wosiya ntchito asaonekenso pa seva. Chotsani lero."

"Bwana, koma akali moyo," anatero Paison.

"Ndani wanena kuti afa? Ndati chotsani."

Ine ndinali pomwepo, ndikuyembekeza kuti akana. Anangokonza tayi n'kufufuta. Analemba kalata youza maofesi onse kuti Edita wangopuma ntchito, koma mwa chizolowezi anayamba watumiza maina. Mainawo atangodutsa, foni inaduka, kalata ija ikadali m'makina. Anayesa mpaka nthawi yoweruka, osatheka. Foniyo inadzuka Lachiwiri.

Lamlungu, foni ikadali yakufa, ndinamuperekeza Paison kokaona wodwala. Tinapeza Edita atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atafunda chitenje, akuyesa kumwa phala. Tisanathe n'kulonjerana komwe, galimoto ya ofesi ya ku Petauke inakhotera pabwalo, itanyamula nkhuni ndi thumba la ufa. Azimayi amene anakwera kumbuyo anali atamanga mipango kumutu, akuimba nyimbo ya maliro. Atamuona Edita, nyimbo inafera pakamwa. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Paison anagwada pambali pa mphasa. Edita anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa ntchito ya mlongo wakeyo ankaidziwa bwino.

"Mwandifufuta kale, a Paison?" anafunsa.

Kenako anatembenukira kwa alendo aja, amene anali ataima ngati ana ogwidwa akuba shuga.

"Tsitsani ufawo, musabwerere nawo. Petauke n'kutali, simungabwere kawiri."