Mchere wa a Simioni

Ku boma la Mangochi, cha kufupi ndi mtsinje, kuli msewu wa nyumba zisanu ndi zinayi zomangidwa nthawi ya azungu: makonde otakata, zipupa zonenepa, mileme kudenga. Amene amaziyeretsa ndi a Simioni. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata, nakhala pang'ono ku Namwera, kenako anatsikira kunyanja ndi ndowa ndi bulashi. Kuyambira pamenepo, Idi iliyonse ikayandikira amapaka laimu nyumba ndi nyumba, za Asilamu ndi za Akhristu zomwe. Salankhula zambiri. Nsidze zawo n'zoyera, ndipo palibe akudziwa ngati ndi imvi kapena laimu.

Chaka chatha nyumba yakumapeto inagulidwa ndi a Jeffrey a ku Blantyre, munthu wopemphera kwambiri. Tsiku loyamba lomwelo anawapeza a Simioni atawerama kuseri kwa nyumba, akuthira mchere m'ndowa ya laimu, milomo ikugwedera. Iwo ankangowerenga manja a mcherewo, koma bwanayo anaona zina. Anati nyumba yake safuna kuti itsirikidwe, nawatulutsa pageti.  A Simioni anangonyamula ndowa yawo.

Nkhani inayenda khonde ndi khonde. Pofika Lachisanu, nyumba zitatu zinali zitatumiza uthenga woti chaka chino ayambe adikira. A Simioni anakhala pansi pa mtengo wa mango, bulashi ili pamwendo, akuyang'ana msewu umene anautumikira zaka makumi atatu ukuwathawa.

A Jeffrey anapeza ena owapakira, opanda mchere, ndipo nyumba inawala ndithu. Loweruka anaitana anansi kudzamwa tiyi. Abiti Ajira, mayi wamasiye wa nyumba yachiwiri amene anabadwira mumsewu momwemo, anabwera atavala buibui lawo lakuda bii, chovala chachisilamu chokuta thupi lonse. Mpando anaukana, ati msana. Anatsamira chipupa, nayamba kucheza za mitengo ya usipa, akusunthasuntha. Potembenuka kuti atsanzike, msana wonse unali mbuu ngati agona pachigayo. Alendo enawo anayamba kudziyang'ana m'zigongono.

"Achimwene, musadandaule, lichapika," anatero Abiti Ajira. "Laimu wopanda mchere ndi chomwecho, amatsata alendo. Ife timayesa kuti ku Blantyre mumadziwa."

M'mawa mwake a Jeffrey anafika pansi pa mango paja atanyamula paketi ya mchere, akuiyang'ana ngati ikuwotcha. Anafunsa ngati ikwana.

A Simioni anaiyeza m'manja, osafulumira.

"Wosalala uwu ndi wa ndiwo, bwana. Pitani kumsika mukagule wamiyala uja. Ndiyamba kwa Abiti Ajira, kwanu Lachitatu."