Chulu cha kuseri kwa nyumba yathu ku Mindolo

Ndikukumbukira chulu chimene chinali kuseri kwa nyumba yathu ku Mindolo. Chinali chachitali kuposa denga, pamwamba pake patamera nsungwi. Mvula yoyamba ikagwa, dothi linkanunkhira, ndipo dzuwa likapendeka inswa zinkatuluka ngati utsi. Ine ndi mkulu wanga Tisa tinkathamangirako ndi mabeseni a madzi. Amayi anatiphunzitsa kuzisiyanitsa: zonona zokazinga, ting'onoting'ono tosiyira nkhuku, ndi agang'a a mitu yofiira oluma osasiya. Ine manyazi anga, gang'a akandigwira chala ndinkangoima chete misozi ili chuchuchu, mpaka wina aone.

Sitinkadya tokha. Achule ndi abuluzi ankadikira pansi, anamzeze akuwakha m'mwamba. Mvula ikakhazikika, m'mbali mwa chulucho munkamera bowa.

Tsiku lina atate, pochokera ku mgodi, anatsamira chitseko ndipo chinagwa nawo limodzi. Chiswe chinali chitadya mphuthu yonse mkati.

"Amake Tisa, chulu ichi chichoke," anatero akudzisansa fumbi.

"Ndiye ndiwo za dzinja muzikatikumbira ku mgodi, atate ake Tisa?"

"Inswa sizitseka nyumba."

Bana Chanda, amayi oyandikana nafe, anakuwa m'Chibemba ali kuseri kwa mpanda kuti bowayo ndi wawonso. Atate sanamve za munthu. Anaitana anzawo, nakumba mpaka anapeza make chiswe m'kachipinda kake ka dothi louma. Anali woyera, wonenepa kuposa chala chachikulu cha atate, wosatha n'kuyenda komwe. Atate anamuyang'ana nthawi yaitali pafosholo, kenako anamuponyera nkhuku.

Dothi lija anaumba nalo njerwa, natimangira chipinda chathu atsikana. Tinakondwa, sindinganame. Koma dzinja lotsatira tinaima panja ndi mabeseni athu, osatuluka kanthu. Bowa sanamerenso. Achule anachepa, anamzeze anasamukira kwina, ndipo amayi anayamba kuphika chibwabwa, masamba a maungu, tsiku ndi tsiku.

Lero ndimakhala ku Ndola, cha ku Bwana Mkubwa, ndipo kulikonse ndi nyumba zokhazokha. Atate sindiwaimba mlandu, munthu amafuna pogona pabwino. Inswa ndimagula kumsika. Tsiku lina mwana wanga wamkazi akudya anandifunsa kuti, "Amayi, inswa zimabereka mumtengo uti?" Ndinaseka, n'kumugwira dzanja kuti ndikamuonetse kumene zimachokera. Tinazungulira komboni yonse, chulu osachipeza.