Madola Seveni a Mayi Enelesi

Mayi Enelesi anatuluka m'chipeleganyu chathu mu 2006, ndipo pakamwa pa anthu panayamba kuyabwa. Tinalipo azimayi khumi ochokera kumudzi, okhala kunja kuno ku Lanham, tonse ogwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi uliwonse tinkasonkha ndalama, mmodzi n'kutenga zonse, popanda wodulapo kanthu.

Iwo anali mayi wamasiye, wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo msana unali utayamba kale kuwavuta chifukwa chonyamula nkhalamba za eni. Anakatsegula akaunti yosungira ndalama za paukalamba, ija boma silidula msonkho pa phindu lake. Mwezi ndi mwezi ankaikamo madola handiredi ogulira masheya, kampani n'kudulapo madola seveni. Pachaka inkatapanso kena, ati ka oyang'anira.

Dyna, msungichuma wathu, anawafunsa pagulu titaweruka ku tchalitchi.

"Amayi, seven dollars every month? Mukunenepetsa kampani pomwe ife timakusungirani ulere?"

"Ulere wake uti?" anatero Mayi Enelesi.

Tonse nkhaniyo tinkaidziwa. Mchemwali wake wa Dyna anakwatiwa kumudzi kwa Mayi Enelesi ku Ntcheu, ndipo za chipeleganyu zonse ankazimva kwa Dyna. Tsiku lolandira iwo chipeleganyu likafika, foni inkalira asanavule n'komwe nsapato. Mlongo wawo Chomba akufuna malata. Mlamu akufuna feteleza. Akanakana bwanji, poti aliyense ankadziwa kuti ndalama zilipo, ndi kuchuluka kwake komwe? Sikuti anali ouma manja ayi, kumudzi ankatumiza mwezi uliwonse. Koma zaka zonse anasonkha nafe sanatsale ndi kanthu, ndipo ankaopa kudzakalambira m'dziko la eni alibe cholipira wowasamala.

Azimayi anayamba kuwasala. Kukakhala phwando, uthenga unkawapeza nyama itatha. Ine zinkandipsetsa mtima, koma eni ake ankangomanga lamba n'kukakwera basi yawo ya kuntchito.

Mu 2008 masheya anagwa. Mayi Enelesi anaonda ndi nkhawa, ndinkawaona ndi maso angawa, pomwe kampani inkangodulabe seveni yake ngati palibe chachitika. Dyna anamva za kugwako pa TV, ndipo Loweruka lina anatipeza ine ndi Mayi Enelesi tikugula zinthu ku Wheaton. Anawagwira dzanja, nkhope ili yachisoni ngati wabwera pamaliro.

"Pepani amayi, tamva. Just come back, malo anu alipo. Kodi zatsala zingati?"

Mayi Enelesi anachotsa dzanja lawo mwaulemu. Kenako anamuyang'ana m'maso.

"Zaonda, mwanawe, sindikana. Tulo sindikupeza. Koma kuti zatsala zingati, iwe sudzadziwa, mchemwali wako sadzadziwa, Chomba sadzadziwa. Seveni ndimalipira ija ndi ya zimenezo, ndipo mwezi uno ndalipira kale."